Chaka Chimene Katswiri Wathu Ankatunga Madzi

Njinga ya mdzukulu wanga inkagona m'kakhonde ka m'nyumba, pakati pa chitseko cha kumsewu ndi masitepe okwerera kuzipinda. Nyumba za ku Rotherham kumene tinkakhala n'zogundizana ngati mano, ndipo kakhondeko n'kopanikiza moti aliyense wolowa ankayenda chammbali kuti asaikhudze. Amayi ake ankadandaula kuti yunifolomu yawo ya kuchipatala ikuda ndi mafuta a tcheni, koma sanalamulepo kuti ituluke. Tsiku loyamba kuinyamula ndinatsala pang'ono kugwa chagada, chifukwa ndinakonzekera kulemera kwa njinga zimene ndinkazidziwa. Iyi inkanyamulika ndi zala ziwiri.

Ine njinga ndinakhala nayo imodzi moyo wanga wonse, yakuda, ya kaliyala wachitsulo, imene ndinabwera nayo kuchokera ku Harare nditatha zaka zambiri ndikugwira ntchito m'nyumba za azungu. Ndinapita ndili mnyamata, ndinabwerako imvi zitayamba. Ana anga anakula ndi amayi awo okha, ndipo mwana wanga woyamba anaikidwa m'manda ine kulibe. Zimenezo sizichoka mumtima. Mwana wamkazi amene anatsala, mayi wa mdzukuluyu, anaphunzira unamwino popanda dzanja langa, ndipo ndi yemweyo amene anadzanditenga mkazi wanga atamwalira, kuti ndikakhale naye ku Mangalande. Kulemba kumene ndikulembaku ndinaphunzira kusukulu ya kwacha, nditakhala pabenchi limodzi ndi amayi obereka ana kumbuyo. Zimene ndinganene kuti ndinapatsa banja langa n'zochepa kwambiri. Chimodzi chinali ichi: mdzukulu wanga ndinamuphunzitsa kupalasa ndine, kwathu ku Ntcheu, asanafikire n'komwe pachishalo, mwendo ataulowetsa pansi pa chitsulo chapakati, ine ndikuthamanga pambuyo nditagwira kaliyala.

M'nyumba ya ku Rotherham munali mpope wa madzi otentha ndi ozizira, koma mwana wanga sanalole kuti ine ndizikasamba m'manja kusinki. Nthawi ya chakudya mnyamatayo ankabwera ndi beseni ndi jagi, n'kugwada bondo limodzi, n'kundithirira. Ankachita zimenezi ngakhale atangobwera kumene kopalasa, miyendo ikunjenjemera. Ine ndinkamutcha achimwene, monga timachitira ndi adzukulu, iye n'kumati, "Fulumirani agogo, bondoli ndi la kampani."

Nthabwala ya kampaniyo inayamba atapambana mpikisano wa achinyamata a chigawo chonse cha kumpoto. Anamuveka jezi ya ukatswiri, nyuzipepala ya m'tauni inamujambula, ndipo timu ina ya anthu amene kupalasa njinga ndiyo ntchito yawo inamulemba kwa chaka chimodzi. Akachita bwino amuwonjezera china, akalephera asiyana.

Tinkapemphera ndi anthu a kwathu m'holo yobwereka, masana, eni ake akatuluka. Ambiri mwa ife anali anthu odikira mapepala, osaloledwa kugwira ntchito. Ena ankasamalira okalamba, ena anali anamwino, ndipo panalinso a ku Zambia angapo. Anthu otere nkhani yabwino imawasowa. Lamulungu lotsatira abusa anatiitana kutsogolo awirife, ine n'kufotokoza za njinga yakuda ija, anthu n'kuwomba m'manja mpaka wosamalira holo anasuzumira pakhomo. Kuyambira pamenepo ndinasanduka agogo a katswiri. Moyo wanga wonse ndaitanidwapo ndi mayina ambiri, ena osayenera kulembedwa, koma ili ndinalikonda kuposa mmene munthu wamkulu ayenera kukondera dzina.

Mipikisano imayamba chisanu chisanathe. Woyamba waukulu unali cha ku Middlesbrough, kukugwa kamvula kowaza kosatha kaja. Pokhota, wopalasa wina anagwa patsogolo pake, iye n'kumuwomba, fupa lapaphewa n'kuthyoka. Anabwera kunyumba mkono uli m'nsalu, khungu la pantchafu litasupuka ngati la mbatata. Amayi ake anamutsuka zilonda monga amachitira ndi odwala a eni ake, kenako anakalira kubafa. Masabata amenewo madzi ankandithirira ndi dzanja limodzi, beseni ataliika pampando.

Fupa lisanalumikizane n'komwe anamangirira njinga pa chitsulo china m'khitchini, n'kumapalasa osapita kulikonse. Thukuta linkadontha pa thawulo, mawindo n'kuchita nthunzi. Ine ndinkakhala pakhomo ndi tiyi.

"Mwafika pati achimwene?"

"Ndangodutsa pa Balaka, agogo."

"Mukafika ku Zomba mundigulire mbatata."

"Mbatata ndi yolemera, manejala akana."

Tinkaseka, koma atabwerera kumsewu anapeza anzake atapita patali. Ku Bolton kunali mpikisano wozungulira misewu ya m'tauni, ndipo oyang'anira anamuimitsa asanamalize chifukwa otsogola anali atatsala pang'ono kumupeza chakumbuyo. Anabwera pa sitima, njinga ili m'manja, n'kupita kukagona osavula masokosi. Kenako chinamugwira chifuwa. Chifuwa chitatha, tayala linamuphulikira pa mpikisano umene iye mwini ankati miyendo inali itabwerera. Anayamba kuyeza chakudya pa kasikelo, kuchotsa khungu la nkhuku, kukana mafuta. Amayi ake ankati, "Kodi ndikudyetsa mwana kapena mpheta?" Masaya analowa m'kati. Jezi ya ukatswiri ija inali pakhoma m'chipinda chochezera, ndipo ndinaona kuti anasintha mpando, n'kumakhala woti aziifulatira.

Mipikisano imachitika Lamulungu, choncho kutchalitchi sankabwera. Ndinkabwera ndine, ndipo anthu ankandichingamira pakhomo.

"Agogo a katswiri! Mnyamata wathu wapambananso?"

"Zikuyenda, zikuyenda."

Panalibe wonditsutsa. Amayi ake masabata ambiri ankakhala ali pa shifiti.

Chilimwe chikutha, tsiku lina anandiperekeza pokwerera basi, ine ndikupita kukaonetsa mawondo kuchipatala. Kunali mphepo yamphamvu yochokera kutsogolo, yoti chipewa n'kuchigwira ndi dzanja. Anandiuza kuti, "Agogo, yendani kumbuyo kwanga. Pafupi kwenikweni, ngati mukufuna kundiponda chidendene."

Ndinatero.

"Mwamva kusiyana?"

"Mphepo yachepa."

"Ntchito yanga yatsopano ndi imeneyo."

Anandifotokozera tili chiimire pansi pa kadenga ka pasiteji. Anati m'timu mumakhala anthu angapo, koma woti apambane amasankhidwa mmodzi mpikisano usanayambe. Enawo amamutchingira mphepo kuti asunge mphamvu. Tayala lake likaphulika, amene ali pafupi amatsika n'kumupatsa lake, n'kumukankha. Madzi akatha, wina amabwerera kugalimoto ya timu imene imatsatira pambuyo, amalonga mabotolo m'jezi, n'kuthamangitsa gulu kuti akagawire anzake. Aliyense amavala kachingwe m'khutu kamene manejala amalankhulirako ali m'galimotomo. Manejalayo anali atamuitana n'kumuuza mosabisa kuti chaka chino palibe chimene waonetsa. Panatsala mpikisano umodzi waukulu, m'mapiri a kunja kwa Sheffield. Akakhala pambali pa wosankhidwayo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, malo ake chaka chamawa alipo. Akapanda kutero, manejalayo alibe choti akauze eni timu.

"Wosankhidwayo ndi ndani?"

"Mnyamata wina wa ku Leeds. Chaka chino ali bwino."

"Mzungu?"

"Agogo, onse ndi azungu. Wakuda ndine ndekha, mukudziwa."

"Ndiye wakuda yekhayo ndi amene amutuma madzi."

"Otunga tilipo angapo. Chaka chatha anzanga ankanditungira ine, inu simunadandaule. Si zimene mukuganizazo ayi. Ndi ntchito yaulemu, ena amakalamba nayo."

Basi inabwera, ndinakwera. Mutu wanga unamva zonse, ndipo ndikanatha kuzifotokozera wina popanda kulakwitsa. Koma mtima sunamve. Ine madzi ndinatungira azungu. Ndinanyamula ndowa za madzi otentha kupita nazo kubafa m'nyumba zimene zinalibe mipope yotentha, ndinanyamula matileyi a tiyi pakhonde. Chimene sindiiwala si kulemera kwake. Ndi dzanja limene linkatuluka kuseri kwa nyuzipepala, n'kutenga kapu, n'kubwerera, maso osadzuka. Ndinali ndi ana akuluakulu kwathu, koma m'nyumba zimenezo dzina langa linali boyi.

Nkhani yoti mpikisano uchitikira pafupi inafika kutchalitchi kudzera mwa ine ndemwe. Mtsogoleri wa amayi, mayi wamphamvu amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba, anati sizingatheke katswiri wathu apalase pakhomo pathu ife tili m'holo. Abusa anavomera kuti tipemphere m'mamawa mwachidule kunyumba kwawo. Minibasi inapezeka. Amayi anagawana zophika, wina mandasi, wina mpunga, wina nkhuku.

Mwana wanga atamva anandipeza ndikupukuta nsapato.

"Ababa, auzeni anthuwa zoona. Mwanayu sakukapambana, akukagwira ntchito."

"Ndikudziwa, mayi."

"Mukudziwa inu, iwo sakudziwa. Ine tsikulo ndili pa shifiti, sindikhalapo."

"Ndiwauza m'galimoto."

M'galimoto nyimbo zinayamba tisanatuluke mu Rotherham. Amayi anali atamanga zitenje pamwamba pa majekete, wina ananyamula mbendera ya kwathu atamangirira pa mtengo wa tsache. Ine anandikhazika kutsogolo, pambali pa dalaivala, ngati mkwati. Pakati pa nyimbo ndi nyimbo ndinatsegula pakamwa kangapo. Nthawi iliyonse wina ankayambitsa ina, ndipo ine ndinkayamikira mumtima kuti wayambitsa.

Tinaima pa chitunda chachitali, msewu wake wopapatiza, mbali zonse makoma amiyala, kuseri kwake nkhosa. Opalasa ankayenera kuzungulira mapiriwo kangapo, ndipo ulendo uliwonse ankakwera chitunda chimenechi, mwapang'onopang'ono moti nkhope ya aliyense inkaoneka. Azungu anali ataima mwakachetechete ndi mafulasiki awo. Pafupi nane panali mdala wina wa kapusi, ali ndi galu pachingwe, amene ankaoneka kuti mipikisano yotere waionera moyo wake wonse. Anatiyang'ana ife ndi mbendera yathu, n'kugwedeza mutu mondipatsa moni.

Ulendo woyamba mdzukulu wanga anatulukira ali patsogolo pa gulu lonse, mutu uli pansi, mnyamata wa ku Leeds atamumatirira kumbuyo. Anthu athu anapenga. Nthungululu zinamveka mpaka nkhosa zinathawa, galu wa mdala uja n'kuyamba kuuwa. Mtsogoleri wa amayi anandigwira mkono n'kumandigwedeza.

"Akutsogola! Agogo, mwaona? Azungu onsewa ali pambuyo pake!"

Ine ndinkadziwa kuti akungotchinga mphepo. Ndinamwetulira n'kunena kuti, "Ndaona."

Ulendo wachiwiri zinali chimodzimodzi. Tinadya mandasi, tinagawirako mdala wa galu uja. Kenako gulu linatulukiranso, ndipo patsogolo panali nkhope zina. Anthu athu anamufunafuna mpaka anamuona chakumbuyo, akuchokera kugalimoto, akudutsa anzake mmodzimmodzi m'mphepete mwa msewu. Jezi yake inali itatupa. Mabotolo anali kumsana, m'matumba, ena pachifuwa, limodzi ataliluma ndi mano.

Tinali ndi bambo wina wa ku Zambia, wantchito ku weyahausi yosungiramo katundu, munthu wanthabwala amene sankatha kusunga mawu m'kamwa. Ndiye anayamba.

"Ba mudala, mwana wanu ali na mimba kumsana?"

Anthu anaseka. Iye anaika manja kukamwa n'kufuula monga amachitira mavenda pa depoti ya basi: "Manzi ozizila! Manzi! Manzi ozizila!"

Anyamata ena anamuthandiza. Koma amayi sanaseke nthawi yaitali. Mtsogoleri wawo anagwira pachifuwa n'kunena kuti, "Mayo ine, mwana wa eni ake amusandutsa wantchito. Agogo, mwaona zimene akumuchita?" Onse anatembenukira kwa ine, agogo a katswiri, kuti ndinene kanthu.

Apo m'pamene ndikanafotokoza. Mawu ndinali nawo, mdzukulu wanga anali atandipatsa onse pasiteji ya basi. Koma nthawi yomweyo iye anafika pa mnyamata wa ku Leeds, pamaso pathu penipeni. Anasolola botolo kumsana n'kulitambasula. Mnyamatayo anatulutsa dzanja, n'kulitenga, maso ali kutsogolo. Sanamuyang'ane. Lero ndikudziwa kuti munthu wokwera chitunda pakati pa njinga zambiri sangatembenuke, akatembenuka agwa. Tsiku limenelo ndinangoona dzanja lija lotuluka kuseri kwa nyuzipepala.

Ndinapezeka ndili pamsewu, patsogolo pa anzanga onse.

"Iwe! Taya zimenezo! Ndiwe boyi wa ndani?"

Anatembenuka. Botolo lija linali likadali pakamwa. Anandiyang'ana kanthawi kochepa kwambiri, kenako gulu linamumeza, magalimoto n'kudutsa.

Tinadikira. Kamvula kanayamba. Anthu ankalankhula motsitsa mawu, ena akuti n'tsankho, ena akuti mwina ndi chilango. Ine ndinakhala pakhoma lamiyala mawondo akuwawa. Kenako kumunsi kunamveka njinga yamoto ya oyang'anira, ndipo pambuyo pake panali munthu mmodzi yekha. Mmodzi, mdzukulu wanga, msewu wonse uli wake. Jezi inali itaphwa, mabotolo palibe. Kachingwe ka m'khutu kaja kanali kakulendewera pachifuwa. Anali ataimirira pa mapedulo, njinga ikupita uku ndi uku, mano ali pamtunda.

Sindingabise, chimenecho n'chinthu chokongola kwambiri chimene maso anga anaonapo. Amayi anavula zitenje n'kumazikupiza, wa mbendera anathamanga naye pambali mpaka mtengo wa tsache unathyoka, bambo wa ku Zambia analira misozi yeniyeni. Ngakhale azungu anawomba m'manja. Ine, wa mawondo oola, ndinathamanga mapazi angapo pambuyo pake, dzanja nditatambasula ngati ndikufuna kugwira kaliyala.

Nditabwerera pakhoma, mdala wa galu uja ankayang'ana wotchi yake akupukusa mutu. Chingerezi changa n'cha kukhitchini koma ndinamumva bwino. Anati mnyamatayu wachoka msanga kwambiri, pamwamba pa phiri pali mphepo yoti munthu mmodzi sangalimbane nayo. Anafunsa ngati ndi wanga. Ndinati ndi mdzukulu wanga. Anati ali ndi mtima, n'kuyang'ana kumbali.

Gulu linafika likuthamanga kuposa maulendo onse, chifukwa tsopano linali ndi munthu woti limugwire. Linali litaduka zidutswa. Ndipo chakumunsi pang'ono kwa pamene tinaima, pamene chitunda chimayambira, mnyamata wa ku Leeds anaima. Tayala lakumbuyo linali litaphulika. Anatsika, analichotsa, analikweza m'mwamba, akuyang'ana uku ndi uku. Anzake ena otunga madzi anali atatsalira kale kutali. Amene anayenera kukhala pambali pake n'kumupatsa tayala anali kutsogolo, yekha, pamphepo. Msewu unali wopapatiza, galimoto ya timu inatsekeredwa pambuyo pa magalimoto ena, ikungoliza hutala. Mnyamatayo anaima pamenepo ndi tayala m'manja mpaka gulu lonse linatha.

Anthu athu anaseka. Wina anafuula kuti, "Adzitungire yekha!" Galimoto itafika ndinaona nkhope ya manejala pawindo. Sankakalipa. Ankalankhula m'kachipangizo kake mobwerezabwereza, kulankhula ndi khutu limene munalibe kanthu.

Ulendo wotsatira mdzukulu wanga anali akadali patsogolo, koma gulu linkaoneka kumbuyo kwake, ndipo mapewa ake anali atayamba kugwa. Ulendo womaliza otsogola anadutsa iye palibe. Anadutsa ena, anadutsanso ena. Mnyamata wa ku Leeds anadutsa yekha, atatopa ndi kuthamangitsa anthu amene sakanawapeza. Patapita nthawi yaitali, azungu ena atayamba kale kupinda mipando yawo, mdzukulu wanga anatulukira akupalasa ngati munthu wonyamula matumba a chimanga. Milomo inali itayera ndi mchere. Pa njinga pake panalibe botolo ngakhale limodzi. Mayi wina anathamanga ndi madzi athu akuitana kuti, "Mwanawe, imwa!" Iye sanatembenuke.

Pomalizira panali pabwalo lina loimikapo magalimoto. Ndinaima patali. Ndinaona manejala akulankhula naye, mawu ochepa, kenako anamugwira paphewa mofatsa, paphewa lomwe linathyoka lija. Mzungu akakugwira paphewa mofatsa ndiye kuti ntchito yatha. Zimenezo ndinaziphunzira kalekale.

Pobwerera m'minibasi munali chisangalalo. Kwa anzanga tsikulo linali labwino. "Anatsogola! Tinaona ndi maso athu!" Ankati akanapambana akanapanda kumutopetsa ndi mabotolo aja. Ankandiyamikira kuti ndinalankhula ngati mwamuna. Bambo wa ku Zambia anandipatsa ntchafu ya nkhuku imene inatsala, ine ndinaigwira m'manja mpaka ku Rotherham.

Mwana wanga anamva zonse kwa mwana wake. Kwa ine anangofunsa funso limodzi, akuvula nsapato za kuntchito m'kakhonde muja.

"Munawauza m'galimoto, ababa?"

Sanadikire yankho, anakwera masitepe.

Mnyamatayo anaimbira matimu ena. Anthu a njinga m'dziko lino ndi ochepa ndipo amadziwana onse. Aliyense anali atamva za mnyamata amene anachotsa kachingwe m'khutu n'kusiya mnzake ataima ndi tayala m'manja. Chaka choipa akanamukhululukira, poti kugwa ndi kudwala zimagwera aliyense. Ichi ayi. Ankamuyankha mwaulemu kuti malo adzaza. Chisanu chitayamba, bambo wa ku Zambia yemwe uja anamupezera ntchito ku weyahausi, ndipo tonse tinkati ndi ya nyengo yachisanu yokha. Chisanu chitatha anapalasako mipikisano ing'onoing'ono ndi kalabu yake yakale, koma munthu wosenza makatoni sabata yonse sangalimbane ndi amene amagona masana kuti miyendo ipume. Tsiku lina ndinatsika masitepe n'kupeza kakhonde katakula. Njinga anali ataikoleka m'kashedi kuseri kwa nyumba. Yunifolomu ya amayi ake sinadenso.

Kutchalitchi dzina lija linatha lokha, pang'onopang'ono, monga limathera dzina la sitolo imene inatsekedwa. Ndinabwerera kukhala agogo basi.

Ndinamufunsa kamodzi kokha. Tinali awiri m'khitchini, iye akudya khungu la nkhuku limene kale ankataya.

"Achimwene, tsiku lija munandimva?"

"Agogo, mawu anu ndingawamve ngakhale pakati pa msika."

"Ndiye n'chifukwa chake..."

"Miyendo inali yanga, agogo. Kachingwe ndinachotsa ndekha." Anatafuna kanthawi. "Ndipo kunena zoona, kutsogolo kuja kunakoma. Chaka chonse chija ndi pokhapo pamene ndinasangalala."

Mpaka lero sindidziwa ngati ananena zimenezo chifukwa zinali zoona kapena pofuna kundipeputsira katundu. Ndi mwana woleredwa bwino, ndipo ana oleredwa bwino amanamiza akulu mwaulemu. Wophunzitsa kunamako mwina ndine, ndi zikuyenda zanga zija.

Patapita miyezi, tsiku lina nthawi ya chakudya ndinali ndikuonera nkhani pa kanema. Ndinamva madzi akutsikira m'manja mwanga, ndinatikita zala, ndinakutumula, ndinalandira kansalu. Nkhani zitatha m'pamene ndinazindikira kuti manja ndinatambasula osadziwa, ndipo amene anandithirira sindinamuyang'ane. Ndinayesa kukumbukira tsiku limene ndinamuyang'anapo kumaso ali chogwada, kupatula pamene ankandiseketsa. Sindinalipeze. Chakudya chinandikanika.

Mawa lake ndinadzuka pampando nthawi isanakwane, n'kupita kusinki ndekha. Ndikusamba, iye analowa atavala jekete lowala la ku weyahausi, beseni ndi jagi zili m'manja. Anaima pakhomo n'kundiyang'ana.

"Agogo, nanunso mwandichotsa ntchito?"

Ananena akuseka. Amayi ake, amene ankapakula mpunga, sanaseke, anangoimitsa chipande m'mwamba. Ndinatseka mpope. Ndinapukuta manja pa buluku, ndinabwerera pampando wanga, n'kuwatambasulanso ngati sanasambe. Iye anagwada bondo limodzi. Madzi anali ofunda, osatentha, osazizira, ndipo ndinazindikira kuti masiku onsewa ankawasakaniza dala chifukwa cha nyamakazi ya zala zanga. Ndinamuyang'ana kumaso. Masaya anali atabwerera, anali atanenepa pang'ono, ndipo pachibwano panali kachipsera ka ku Middlesbrough kamene ndinali ndisanakaonepo.

"Ndifulumire, achimwene?"

"Ayi, sambani mofatsa agogo," anatero akupendeketsa jagi. "Bondoli lilibenso mwini."